Mutauni timati agogo akudwala, kumudzi timati agwa mu ndege

Akonzi,

Ndipatseniko malo mu nyuzipepala yanuyi ndinene nkhani yomwe yakhala ikundidya mumtima kuchokera mwezi wa June pomwe ndinaitanidwa kumudzi mwadzidzidzi. Ine si dokotala ayi, ndimagulitsa masipeyala a njinga zamoto mu Lilongwe muno, ndiye ngati pena ndiphonye achipatala andikonze, koma zomwe ndinaona ndi maso angawa zokha ndiye palibe angandikonze.

Foni inalira kusanache bwinobwino, mlongo wanga akulira mbali inayo, akuti achimwene bwerani msanga, mayi aakulu awapeza m'dimba la eni ake mudzi wachiwiri uko, atangomanga kansalu kamodzi m'chiuno, ndipo kuzizira kwa ku Dedza mu June nonse mukukudziwa. Anthu anali atawazungulira kale, ena ndi ndodo, akuti agwa mu ndege. Eya, ndege ija ya lichero imene aliyense amaikamba koma palibe anaikwerapo. Chinawonjezera moto n'choti atawafunsa kuti gogo mukutani kuno usiku, iwo anayankha mwaulemu kuti ndikukatenga ana. Basi anthu aja kuti mwamva? Wavomera yekha, akukatenga ana a eni ake. Chonsecho ana omwe amanenawo ndi awo omwe, atatu, omwe tinawaika m'manda zaka zija Edzi inkatha anthu kusanabwere ma ARV m'zipatala. M'mutu mwawo ana aja akadali ang'ono, apita kudambo ndipo kwada sanabwere. Akanapanda mnyamata wina wa kabaza amene anawazindikira n'kuthamangira kwa amfumu, bwenzi pano ndikulemba kalata ina.

Nditafika masana ndinawapeza pakhonde atafunda bulangete, mapazi ali magazi chifukwa cha minga ndi ziputu. Anandiyang'ana nthawi yaitali kenako anamwetulira n'kunditchula dzina la amuna awo, amene anamwalira ine ndili ku pulayimale. Akuti mwabwera liti ku Joni, nanga sopo uja mwabweretsa? Ndinangoti ndabweretsa mayi, n'kupita kuseri kwa nkhokwe, zomwe ndinakachita kumeneko musandifunse.

Tsono chomwe chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Pomwe ndikuchita lendi kuno kutauni, bambo awo a landilodi nawonso ali ndi vuto lomweli. Anali munthu wa m'boma, anapuma ntchito kalekale, ali ndi penshoni. Nawonso amaiwala kuti adya, amafunsa funso limodzi kakhumi, tsiku lina anavala jekete ndi tayi 2 koloko usiku akuti akuchedwa ku ofesi. Koma pali geti, pali mlonda, pali mtsikana wolembedwa ntchito yowasamalira, amamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku ndipo ana awo amati adadi akudwala dementia, amalitchula bwinobwino dzina la matendawo ngati akutchula malungo. Palibe ndi mmodzi yemwe mu plot muja anayerekezapo kunena kuti bambo aja ndi mfiti. Matenda amodzi, mayina awiri, kusiyana kwake thumba basi. Ndipo nditakhala pansi kuwerenga pa foni komanso kufunsa mnzanga wina amene ndi nesi, ndinazindikira kuti umphawi sungosintha dzina la matendawa ayi, umawakonzeranso njira kuyambira munthu ali mwana.

Matenda oiwalaiwalawa si kukalamba wamba monga timanenera kuti aaa akula basi. Alipo agogo a zaka 90 amene amakuwerengera mbumba yonse mpaka zidzukulutudzi osaphonya. Awa ndi matenda a ubongo, mtundu wofala kwambiri ndi umene amati Alzheimer's, wina umabwera mitsempha ya magazi ya m'mutu ikawonongeka ndi BP kapena sitiroko. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati padziko pano anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa ndipo oposa 60 pa 100 aliwonse ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene ngati lathuli, ndiye zoti ndi matenda a azungu tizisiye. Olemera nawo amawagwira, sindikukana, Ronald Reagan amene anali pulezidenti wa America analengeza yekha mu 1994 kuti ali ndi Alzheimer's. Koma mu 2024 akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet anatchula zinthu 14 zimene zimakankhira munthu ku matendawa koma n'zotheka kuzipewa kapena kuzichepetsa, ndipo anati pafupifupi theka la odwala onse matenda awo akanapeweka kapena kuchedwetsedwa. Nditaziwerenga zinthuzo ndinangoseka chifukwa cha mkwiyo, zinali ngati munthu wakhala pansi kulemba mbiri ya mayi aakulu.

Choyamba pamndandandapo ndi sukulu. Mayi aakulu sanapondeko m'kalasi olo tsiku limodzi, nthawi yawo sukulu inali ya fizi ndipo kandalama kakapezeka kankapita kwa mwana wamwamuna, mtsikana akatha msinkhu basi akwatiwe. Pulayimale yaulere yabwera mu 1994 iwo ali kale ndi zidzukulu. Ine poyamba ndinkati kodi sukulu ya ali mwana ikukhudzana bwanji ndi kuiwala ali ndi imvi? Nesi uja anandifotokozera kuti ubongo uli ngati mudzi wa njira zambiri, munthu amene anaphunzira, amawerenga, amawerengera, amakhala ndi tinjira tambiri, ndiye matenda akatseka njira imodzi maganizo amadzera ina ndipo zimatenga zaka kuti ziwonekere. Amene ali ndi njira zochepa ikatsekeka imodzi basi waima. Pano ndisamveke molakwika, sindikuti mayi aakulu anali opanda nzeru, mayi amene ankadziwa mbewu iliyonse, ankazamitsa amayi oyembekezera mudzi wonse, ankasunga m'mutu ngongole za anthu makumi osalemba pena paliponse. Ndikungoti chishango china chomwe anzawo anapatsidwa iwo anamanidwa, ndipo amene anawamana ndi umphawi komanso kubadwa mkazi. Ofufuza a ku University of Pennsylvania pamodzi ndi anzawo akuno akhala akutsatira mabanja a kumudzi ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira 1998, ndipo atayamba kuyeza kakumbukidwe ndi kaganizidwe ka achikulire anapeza zomwezi, kuti amayi ndi amene ali pambuyo kuposa abambo, ndipo opezako bwino komanso amene amacheza ndi anthu ambiri mitu yawo imakhala yakuthwa nthawi yaitali. Izi si za ku London ayi, ndi za ku Mchinji konkuno.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi BP, chifukwa iyi ndiye tikanaigwira. Kafukufuku wa boma ndi WHO wa 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi muno mmodzi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. BP siipweteka, imangodya timitsempha ta m'mutu mwakachetechete zaka ndi zaka. Nditatsegula kabuku kawo kakuchipatala, kaja kachikasu kothimbirira ndi utsi komwe amasunga mu jumbo pansi pa mphasa, ndinapeza kuti anawayezapo BP zaka zingapo zapitazo n'kupezeka yokwera, anawalembera mankhwala, anamwa mwezi umodzi. Mwezi wotsatira anayenda wapansi mtunda wonse uja, anakhala pamzere kuyambira m'mawa, kufika pawindo akuti mankhwala atha mukagule ku famase. Famase ili kuboma, kabaza kupita ndi kubwera ndi ndalama ya ndiwo za sabata yathunthu, ndiye gogo amene akulera ana amasiye asanu asankha chani pakati pa mapiritsi a matenda omwe sakumva kupweteka ndi thumba la chimanga lopita kuchigayo? Sanapitenso. Ndipo ine amene ndimadzitcha mwana wawo, amene anandilerako amayi anga atadwala, ndinali kutumiza ndalama ya feteleza chaka ndi chaka osafunsapo olo kamodzi kuti kodi mayi BP munayezetsa liti. Mlandu umenewo ndi wanga, sindikuupereka kwa boma.

Makutu ndi maso nazonso zili pamndandanda uja, ndipo izi anthu sitiziganizira n'komwe. Mayi aakulu anayamba kugontha pang'onopang'ono, kumaliro amayi anzawo akamacheza iwo amangogwedeza mutu, kenako anasiya kupita ku mvano chifukwa akuti ndimangoona milomo ikuyenda. Diso limodzi linachita ng'ala. Munthu amene sakumva komanso sakuona bwino amadzipatula yekha, ndipo ubongo umene sukulandira nkhani, sukutsutsana ndi munthu, sukuseka nthabwala, umafota ngati mwendo womwe wakhala mu pulasitala. Chonsecho ng'ala ndi opaleshoni yaing'ono, ku Nkhoma amachita, ku Queens ku Blantyre amachita, anthu amabwerako akuona ngati abadwanso. Koma uyambe wadziwa kuti zimatheka, upeze thiransipoti ya anthu awiri chifukwa gogo sangayende yekha, upeze wotsala ndi ana ndi mbuzi. Timakina tothandiza kumva tija ndiye kumudzi kwathu sindinaonepo munthu atavala, olo utapatsidwa kaulere mabatire ake ukawagula kuti.

Za chakudya ndingonena mwachidule chifukwa aliyense akudziwa mmene miyezi ya January ndi February imakhalira. Gogo ndi amene amadya pomaliza, amati adye ana ine ndakhuta, atangomwa madzi. Nsima ndi nkhwani, nsima ndi chisoso, nyama mpaka pa Khirisimasi kapena pamaliro, olo bonya weniweniyu anakwera mtengo kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Pali matenda amene achipatala amati pellagra, amagwira anthu odalira chimanga chokhachokha popanda nyemba, mtedza kapena nsomba, khungu limada ndi kusupuka m'khosi ndi m'manja momwe mumawomba dzuwa, munthu amatsegula m'mimba ndipo mutu umasokonekera. Amenewa amachizika ndithu akawazindikira msanga. Onjezani utsi wa nkhuni m'kakhitchini kopanda windo zaka 60, onjezani nkhawa ya kuika ana ako m'manda mmodzimmodzi n'kuyambanso kulera makanda uli ndi zaka zoti uzipuma. Kwa azibambo onjezani kachasu ndi fodya wopichira, komanso kugwa pa njinga kumenyetsa mutu popanda wokujambula. Zonsezi zimakumana m'mutu umodzi, ndiye tsiku lomwe mutuwo wagonja ife timathamangira ndodo.

Ndipo taonani amene amatchulidwa ufiti ndi ndani. Simudzamva kuti mayi wa nyumba ya malata amene ana ake ali ku Area 47 kapena ku Johannesburg wagwa mu ndege. Nthawi zonse ndi gogo wa kanyumba kaudzu kokhala kumapeto kwa mudzi, wamasiye, wovala zigamba, maso ofiira chifukwa cha utsi, wolankhula yekha. Ena ndi zoona amakhala akuwafuna malo awo, ufitiwo ndi chonamizira chabe. Tonse tikukumbuka za ku Neno mu January 2016 pomwe okalamba anayi anaphedwa mwankhanza chifukwa mtsikana anawombedwa ndi mphenzi, ndipo a MANEPO, bungwe loona za okalamba lija, chaka ndi chaka amakhala akulira za okalamba ophedwa ndi ozunzidwa m'maboma osiyanasiyana. Sindikunena kuti onse amene anaphedwa anali ndi matenda oiwalaiwala ayi, koma munthu amene akuyenda usiku, sakudziwa kwawo, akutchula akufa ngati amoyo komanso amavomera chilichonse chomwe wafunsidwa, ameneyo pagulu la anthu okwiya alibe mwayi olo pang'ono. Timakonda kunena pamisonkhano kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma zikuoneka kuti dambolo likauma timaliyatsa ndife tomwe.

Malamulo alipo, zimenezo musandiuze. Lamulo la za ufiti la 1911 mpaka lero limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba, tinawomba m'manja. Koma m'dimba muja m'bandakucha munalibe amene anali ndi pepala la lamulo m'thumba. Chimene chinapulumutsa mayi aakulu ndi mnyamata wa kabaza amene agogo akenso anamwalira akuiwalaiwala, ndiye anadziwa chomwe akuona. Kudziwa basi. Ndiye ine ndimadabwa kuti mawayilesi athu amene amatha ola lathunthu kuulutsa uthenga wa asing'anga obweza mwamuna wothawa, sangapeze mphindi khumi kufotokozera anthu m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka kuti gogo akayamba kusochera pakhomo pake pomwe ndi matenda? Azibusa ndi mashehe nawonso, ena mwa inu ndi amene mumathira mafuta pamoto ndi maulosi anu oti pali agogo ena pamtundu panu akukumangani. Mawu amenewo amatha ndi ndodo pamsana pa munthu wodwala.

Mayi aakulu tinawatengera kuchipatala patapita masiku awiri. Ndinene chilungamo, adokotala amene tinawapeza anali munthu wabwino koma anali yekha ndi mzere wofika panja, anawayeza malungo, anawayeza BP n'kupeza ili kumwamba, anatipatsa mankhwala n'kunena kuti zoiwalazi ndi ukalamba, kaziwasamalirani. Sindikuwada, mphindi zitatu ungafunse chani. Madokotala a matenda a m'mutu dziko lonse lino ndi owerengeka, anthu timangodziwa ku Zomba Mental ndi St John of God, ndipo kumudzi ukangotchula Zomba anthu amati ndiye kuti apenga, manyazi enanso. Nesi mnzanga uja ndi amene anandiuza chinthu chomwe ndikufuna owerenga achisunge, kuti gogo amene dzulo anali bwinobwino lero wangosokonekera mwadzidzidzi, kawirikawiri si matenda oiwalaiwala aja ayi, akhoza kukhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga kapena kuchepa madzi m'thupi, ndipo zimenezo zimachizika akathamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Oiwalaiwala enieniwa amabwera mozemba, miyezi ndi zaka, amayamba ndi kuiwala poto pamoto, kubisa ndalama n'kumati andibera, kusochera pochokera kumjigo. Awa mankhwala ochiziratu palibe, olo kunja, koma kugwira BP ndi shuga, kudya, kuona, kumva ndi kukhala pakati pa anthu zimathandiza kuti asathamange.

Tsono kwa a boma pempho langa si lalikulu. Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, imasonkhanitsa kale okalamba ambiri malo amodzi, bwanji pamenepo pasakhale mlangizi wa zaumoyo ndi kamakina koyezera BP, kaja ka mabatire kamene mtengo wake sufika olo pa matayala awiri a galimoto ya bwana? Alangizi omwewa amayenda kale m'midzi kuyeza ana sikelo ndi kupereka katemera, awonjezereni maphunziro pang'ono kuti akafika pakhomo azifunsanso za agogo. Ndipo mankhwala a BP azipezeka pa health centre, aziperekedwa a miyezi itatu ngati mmene amachitira ndi ma ARV, kuti gogo asamayende mwezi ndi mwezi. Ndi ma ARV tinakwanitsa, anthu amene tinkawawerengera masiku lero akulima, ndiye musandiuze kuti kapiritsi ka BP katikanika.

Nkhani ya penshoni ya okalamba onse ndiye yakhala ikukambidwa mpaka kutopetsa. Penshoni yomwe ilipo ndi ya amene analembedwa ntchito, koma Amalawi ambiri ntchito yawo inali khasu ndi ganyu, analima fodya amene anabweretsa ndalama zakunja zomwe dziko lino ladyera zaka zonsezi, lero alibe olo tambala yolembedwa dzina lawo. Mtukula Pakhomo safikira onse, mayi aakulu dzina lawo linalembedwapo koma silinatuluke, ndipo amene amalandira ndalama yake imathera kuchigayo. Lesotho, kadziko kakang'ono, anayamba kupereka penshoni kwa okalamba a zaka 70 kupita m'tsogolo mu 2004, Zanzibar anayamba mu 2016. Sindikuti ndalama imachiza ubongo, koma ndalama ndi kabaza wopita kuchipatala, ndi dzira, ndi usipa, komanso tinene zoona gogo amene amalandira kenakake mwezi ndi mwezi achibale samuthamangitsa pakhomo, amamusunga ngati dzira lomwelo.

Pano mayi aakulu tinawasamutsira m'nyumba ya mlongo wanga. Kubwera nawo kutauni tinayesa sabata imodzi, zinakanika, ankalira usiku wonse kufuna kwawo ndipo chipinda changa ndi chimodzi. Pachitseko tinamangirira chibelu cha njinga ndi waya kuti akatsegula usiku chizilira, ndipo amfumu, ndiwathokoze, anaitanitsa msonkhano n'kuuza mudzi wonse ndi midzi yoyandikana kuti aliyense akawaona akuyenda okha awagwire dzanja n'kuwabweza, osawafunsa mafunso. Koma mtengo wake ukulipidwa ndi mdzukulu wamkazi wa mayi aakulu amene anali folomu 2, teremu ino sanapite kusukulu chifukwa mlongo wanga akakhala kumunda pamafunika wina wowayang'anira, ndipo ine usiku ndimagona ndikuwerengera kuti mtsikana ameneyu tikumuchotsa m'kalasi lero chifukwa cha matenda amene mbali ina anabwera poti agogo ake sanalowe m'kalasi. Ndamulonjeza kuti January abwerera, ndikusaka mayi wina wapamudzi woti tizimupatsa kangachepe pamwezi, bola bizinesi iyende.

Sabata yatha ndinawaimbira pa foni ya mlongo wanga. Sanandizindikire, koma mlongo wanga atayambitsa nyimbo ya ku mvano anaimba mavesi onse osaphonya liwu, kenako anandifunsanso za sopo.

Wowerenga wanu,
Lilongwe